Pikiapu Yokwawa ya a Chester

Kuno ku Chitawira a Chester sitinkayamba ndi kuwaona, tinkayamba ndi kuwamva. Sinali injini ayi, injini yawo inali yofatsa ngati mkamwini watsopano. Chimene tinkamva ndi mimba ya pikiapu yawo ikukwekwesa msewu, kwee, kwee, kuchokera kumtunda kuja mpaka pakhomo pawo. A Chester Khoromana ndiwo munthu yekhayo mu Blantyre ndi Limbe amene adagula galimoto yabwinobwino n'kuidula miyendo dala, ndipo adachita zimenezi pofuna kukhaulitsa munthu mmodzi.

Ine sindine wolankhulalankhula. Pa msonkhano wa amayi ndimakhala kumbuyo, ndipo akandiloza kuti ndipemphere thukuta limayamba. Koma nyumba yanga idayang'anana ndi ya a Chester, ndipo munthu wosalankhula maso ake amagwira ntchito ya anthu awiri. Zimene sindidaone ndekha ankandiuza pa mpopi a Salome, akazi awo.

A Chester anali wamfupi. Ena amati munthu ndi wamfupi pofuna kungonena, koma awa akaima pafupi ndi njinga chishalo chinkawafika pachifuwa. Makolo awo adachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo iwo adakulira m'magalaja a ku Limbe akupatsira masipanala mpaka adaphunzira kuyendetsa. Boma la Chitaganya litangoyamba kumene, mzungu wina wa kumunda wa tiyi pobwerera kwawo adawagulitsa pikiapu yake yakale. Inali yaitali miyendo ngati ng'ombe ya ngolo, poti idazolowera misewu ya m'mapiri. Kuti akweremo, a Chester adadula chipika cha bulugamu n'kuchimangirira chingwe. Ankaponda pachipikapo, kukwera, kenako kukoka chingwe ngati akutunga madzi pachitsime, chipika n'kulowa nawo m'galimoto. Potsika ankayamba atsitsa chipikacho.

Munthu wofunika kukhaulitsidwayo anali a Stafford, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni, mkulu wa mpingo wathu. Awa anali wamtali ngati mlongoti, suti yoyera Lamulungu lililonse, ambulera m'manja ngakhale mu Okutobala. Ankakonda kukumbutsa anthu kuti agogo awo adabatizidwa misewu ya Blantyre isanalambulidwe, ndipo anthu obwera ngati a Chester ankawatchula dzina lija lonyoza limene sindilemba pano.

Lamulungu loyamba atagula pikiapu, a Chester adachedwa dala kuti apeze anthu onse ali panja. Adaima pakhomo penipeni pa tchalitchi, hutala kawiri, chipewa m'mwamba kupereka moni. Chisangalalo chidawaiwalitsa chipika. Adatsegula chitseko n'kuponda mphepo. Thalauza idakodwa pa chogwirira n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pabondo, ndipo mwini wake adafikira maondo onse awiri m'fumbi, pamapazi penipeni pa a Stafford.

Munthu wachifundo akadangowadzutsa. A Stafford adayang'ana pansi, adayang'ana anthu, kenako adati, "Dzukani a Chester, musandigwadire ine, sindine mbusa. Koma tsiku lina mukamagula galimoto muzigula ndi makwerero ake."

Anthu adaseka mpaka akwaya adalephera kuyambitsa nyimbo. Ndidaseka nanenso, m'nsalu. A Chester adadzuka, dzanja limodzi litagwira thalauza, ndipo adalankhula motsitsa mawu moti tidamva tokha amene tinali pafupi.

"Lero ndagwada ine. Tsiku lina mudzaigwadira galimoto imeneyi inu, anthu omwewa akuona."

"Maondo anga amadziwa Mulungu yekha," adatero a Stafford, n'kulowa m'tchalitchi.

M'mawa mwake pikiapu inali kwa Che Hamdani, makaniko wa kuseri kwa masitolo a ku Limbe, mnzawo wa a Chester kuyambira ali anyamata. Galimoto zotere zimakhala pa masipuling'i, zitsulo zazitali zathyathyathya zosanjikizana ngati mtolo wa nsungwi, ndipo mtolowo ukakula galimotonso imatalika. A Chester adalamula kuti zitsulo zina zisololedwe. Che Hamdani adasolola, adatsitsa jeke, a Chester adayesa kukwera, adapukusa mutu. Adasololanso zina. A Chester adapukusanso mutu. Ankafuna kuti azilowa m'galimoto ngati munthu akukhala pa mpando wa pakhomo pake, osakweza mwendo ngakhale pang'ono.

Che Hamdani adawachenjeza kuti galimoto si mphasa, ndiponso kuti amene adaipanga sanali opusa. A Chester adayankha kuti amene adaipanga sadang'ambikepo thalauza pa tchalitchi. Adazungulira m'mabwinja a galimoto zakufa mpaka adapeza masipuling'i a kagalimoto kakang'ono ka dona wina kamene kadagunda mtengo, ofewa ngati lamba. Amenewo ndiwo adaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Jeke itachotsedwa, pikiapu idakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Che Hamdani adapempha chinthu chimodzi chokha, kuti anthu asauzidwe amene adagwira ntchitoyo. Mawa lake Limbe yense ankadziwa.

Kuyambira pamenepo a Chester sankayenda opanda khasu ndi fosholo. Akapeza chulu kapena mtumbira pamsewu ankaima, kutsika mwaulemu osakweza mwendo, kusalaza, n'kupitirira. Anthu olambula misewu ankawapatsa moni ngati mnzawo wa pantchito. Panjanji pa Limbe ankadutsa mopingasa, tayala limodzi limodzi, okwera onse atatsika. Woyamba kutsitsidwa anali a Salome, poti Mulungu adawapatsa thupi limene adawamana amuna awo, ndipo ankati chikwatiwire sadayendepo pansi kwambiri ngati mmene adayendera amuna awo atagula galimoto. Ekizozi inkagwa mwezi ndi mwezi n'kumangidwanso ndi waya. Nkhuku za pakhomo, zimene zidazolowera kubisala dzuwa pansi pa galimoto, zinkangoizungulira zikudandaula. Pofuna kuthira mafuta kunsi, a Chester adakumba dzenje kutsogolo kwa nyumba yawo, ndipo dzenje limenelo lidameza amuna ambiri a ku Chitawira Loweruka madzulo. Amuna anga, a Bennet, adagweramo kangapo, ndipo nthawi ina adangogonamo.

Koma panali chinthu chimene a Chester sadachiganizire. Amuna sadziwa kuti kukwera lole ndi chiyani kwa mkazi wovala nsalu. Uyenera kukweza mwendo kufika pamene sudafunepo kuukweza pagulu, anyamata ali pansi akunamizira kumanga nsapato, wina akukukankha kumbuyo ngati thumba la chimanga. Pikiapu ya a Chester tinkangolowamo ngati tikukwera pakhonde. Nkhalamba zinkakweramo zokha. Amayi apakati ankapita nayo kuchipatala osanyamulidwa. Bokosi la maliro linkangotsetsereka kulowa, osagwedeza womwalirayo. Posakhalitsa panalibe maliro, ukwati kapena matenda ku Chitawira opanda kwee, kwee uja. A Chester sankakana munthu, koma ankapita akung'ung'udza njira yonse kuti anthu asawayese wachifundo, iwo adatsitsa galimoto chifukwa cha mkwiyo, ndipo ubwino umenewu udangobwera wokha ngati udzu m'munda.

Mkwiyowo ankausamala ngati mbuzi ya mkaka. Lamulungu lina kamvuluvulu adachotsa chipewa cha a Stafford n'kuchigubuduza pabwalo la tchalitchi. Anthu ena amati chidalowa chokha pansi pa pikiapu. Ine ndidaona nsapato ya a Chester ikuchithandiza. A Stafford adafika, adawerama m'chiuno mokha maondo ali chilili, adapisa ambulera kunsi n'kuvundula. Chipewa chidangosunthira m'kati. A Chester adati galimoto singasunthe, injini yatentha, koma munthu atagwada pang'ono angathe kuchifikira bwinobwino. A Stafford adawongoka, adatambasula ambulera n'kupita kwawo mutu uli pamtunda. Chipewacho a Chester adachitenga, ndipo Lamulungu lililonse ankachibwezera pansi pa galimoto asanalowe m'tchalitchi, n'kuuza a Stafford mwaulemu kuti katundu wawo akadali pomwe adamusiya. A Stafford adagula chipewa china.

Mvula ikagwa, a Chester ankawapeza a Stafford pamsewu wochokera m'tauni n'kuyenda nawo pambali pang'onopang'ono, akuwapempha kuti akwere poti makwerero sakufunikanso. A Stafford ankayang'ana kutsogolo kokha, madzi akutsika m'khosi. Ankafika ku Chitawira limodzi chotero, wina wonyowa, wina wouma, onse okhutira.

M'chaka cha chipwirikiti chija, asilikali ochokera ku Rhodesia atadzaza m'misewu, adatchinga msewu wa ku Limbe n'kumasuzumira pansi pa galimoto iliyonse. Pikiapu ya a Chester itafika, msilikali wachizungu adawerama, sadaone kanthu. Adanjuta, sadaone kanthu. Adayamba kukayika kuti galimoto yotsika chotere yalemedwa ndi zinthu zobisa, choncho adagwada maondo onse awiri, tsaya pa phula, chisoti chikugubuduka. M'galimotomo munali nkhalamba zochokera ku chipatala ndi dengu la matimati. Madzulo ake Chitawira yonse inkanena kuti Chitaganya chagwadira pikiapu ya a Chester, ndipo anthu adabwera kudzawagwira chanza. Iwo sadasangalale konse. Adati mzunguyo sadawasekepo, maondo ake ndi ongotaya, amene akuwadikira ndi ena.

Kufikira pamenepa nkhaniyi inali yoseketsa kwa inenso. Idasiya kundiseketsa chaka chimene adamwalira a Bennet.

Amuna anga ankagwira ntchito yowerenga katundu ku njanji. Sankamenya munthu, sankatukwana, koma Loweruka ankamwa. A Stafford ndiwo adakawanenera kwa akulu anzawo mpaka adadulidwa mu mpingo. A Bennet ankati adzabwerera akadzakonzeka, koma chibayo chidawapeza m'nyengo ya chiperoni asanakonzeke. M'mawa wa tsiku loika maliro a Stafford adabwera, adaima pakhomo osalowa, ndipo adalengeza kuti munthu wodulidwa mpingo sumuimbira, amayi a Mvano asavale yunifolomu, ndipo palibe mkulu amene aperekeze thupi. Amayi anzanga adayang'ana pansi. Ine ndinali ndi mawu ambiri, koma ndidaopa kuwanena pagulu monga mwa masiku onse. Mwana wanga Zione adandigwira nsalu.

Ndiye tidamva kwee, kwee. A Chester adabwerera chambuyo mpaka pakhonde, adatsitsa chipika chawo chakale chija kuti akuluakulu apeze pokhala, ndipo bokosi litakwezedwa adayambitsa okha nyimbo ali pa chiwongolero. Mawu awo anali oipa kwambiri, ngati chitseko cha dzimbiri, mwina ndi chifukwa chake amayi adalephera kupirira n'kuyamba kuwathandiza. Manda athu ali kutsidya kwa mtsinje wa Naperi. Njira zopitira kumeneko ndi ziwiri, yaitali yodzera pa mlatho ndi yachidule yowoloka pamadzi. A Chester adadzera pa mlatho, pang'onopang'ono, osakhudza mwala ndi umodzi womwe. Pobwerera adandiuza mawu ochepa.

"Amake Zione, inu lirani zanu. Mlandu wanuwu ndauphatikiza ndi wanga."

Chipika chija sadabwere kudzachitenga. Chidakhala mpando wanga wa pakhonde, chingwe chake chili pomwepo.

Zaka zidapita, a Stafford adanenepa, maondo awo ali owuma ngati kale. A Chester ndiwo adayamba kutsokomola ndi kuwonda. Mvula ya chaka chatha itayamba anali atagona. Poti nyumba yawo inali m'dera la a Stafford, mkuluyo adayenera kubwera kudzawapempherera. Adapemphera ataimirira. Ndinalipo, nditabweretsa phala, ndipo ndidaona wodwalayo atatsegula diso limodzi n'kuliloza pa maondo aja mpaka pa ameni.

Mlendo atatuluka, a Chester adaitanitsa Che Hamdani n'kunena mawu awo otsiriza pamaso pa a Salome, abale awo ndi ine. Adati adzanyamulidwe pa pikiapu yawo, woyendetsa adzakhale Che Hamdani, ndipo adzadutse njira yachidule yowoloka pamadzi, imene ankayenda kale asanakhale ndi galimoto. Che Hamdani adati mvula ino pikiapu imeneyo singawoloke Naperi.

"Ndi ine ndekha ingawoloke, ndapepuka," adatero a Chester. "Koma pa mpingo pathu mkulu wa dera amakhala pambali pa bokosi mpaka kumanda. Kapena lamulo lidasintha?"

Adapempha kuti enafe tituluke, ndipo adatsala ndi Che Hamdani akunong'onezana. Madzulo a tsiku lomwelo ndidaona Che Hamdani ali m'dzenje lija pansi pa pikiapu, waya m'manja.

A Chester adamwalira sabata yomweyo. Mawu a womwalira saphwanyidwa, ndipo a Chester anali mkhristu wa mgonero wopanda mlandu, choncho a Stafford adalibe pothawira. Adayesa kunena kuti ayenda pansi kutsogolo kwa galimoto, koma akulu anzawo adawakumbutsa kuti iwo omwe ndiwo ankalimbikira lamuloli kuposa wina aliyense. Adakwera, suti yoyera, ambulera pamiyendo, nkhope ngati munthu womwa kwinini. Pikiapu idabuula n'kutsikanso. Kumbuyoko tidakhala a Salome, ine ndi amayi ena awiri okalamba. Khamu lidatsatira pansi likuimba, ndipo linali khamu lalikulu, poti panalibe banja limene pikiapu imeneyi sidalinyamulire wina.

Usiku wake mvula idagwa ku phiri la Soche, ndipo Naperi anali wofiira. Che Hamdani adalowa m'madzi mosamala. Matayala a kutsogolo adawoloka. Kenako tidamva mimba ikukhala pa mwala, tayala la kumbuyo, mbali ya a Stafford, n'kumira m'matope. Galimoto idapendekeka, bokosi lidayamba kutsetsereka kulowera kumadzi. Amayi anayi tidaligwira ndi manja ndi maondo omwe. A Stafford adalumphira pa mwala wouma n'kuima pamenepo akuteteza suti.

Amuna adathamangira m'madzi, adagwira galimoto kumbuyo ndi m'mbali n'kuinyamula. Che Hamdani adati asaisiye, ikabwerera pansi sipuling'i ithyoka ndipo bokosi lipita ndi madzi. Pankafunika wina woti alowetse miyala pansi pa tayala, m'kati mwenimweni. Amuna awiri adasiya kunyamula n'kuyesa, koma galimotoyo inali yotsika moti mikono yawo sidafike, ndipo anzawo adakuwa kuti abwerere, kulemera kwawachulukira. Madzi ankakwera. Che Hamdani adasuzumira pawindo, adayang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna, ndipo adalankhula mofatsa kwambiri.

"Che Stafford, pano wamikono yaitali ndinu nokha. Ndipo thupili lili m'manja mwanu, si mwanga. Ine ndine Msilamu, ndangoyendetsa."

A Stafford adayesa kukankha mwala ndi ambulera. Ambulera idapindika. Adawerama m'chiuno mokha monga adachitira tsiku la chipewa, koma mimba idawatchinga. Bokosi lidasunthanso, a Salome adalira mokweza, ndipo khamu lonse pagombe lidaleka kuimba. Mkulu wa mpingo amene thupi la mkhristu likadamugwera mumtsinje, dzina lake likadatha tsiku lomwelo, ndipo a Stafford ankadziwa. Adavula chipewa n'kupatsa mayi wina. Bondo lamanja lidalowa m'matope, kenako lamanzere. Adatsamira phewa, adapisa mkono wonse kunsi kwa pikiapu, mwala woyamba, wachiwiri, wachitatu.

Miyala itakwanira sadadzuke msanga. Adakhala chigwadire, mutu uli kunsi, mpaka amuna onyamula adayamba kudandaula. Potuluka anali ndi chinthu m'manja. Chinali chipewa chawo chakale chija, chitamangidwa ndi waya pamwamba pa sipuling'i, pamalo pamene sangaone munthu wina aliyense koma wogwada.

A Salome adafundira nsalu kumutu, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kulira. Pagombe wina adatsokomola, wina adatsatira, chifuwa chidagwira khamu lonse. Pamaliro saseka. Ine ndidayang'ana maondo awiri aja, ofiira ndi dothi la Naperi, ndipo ndidawayang'anitsitsa osaphethira, m'malo mwa a Chester ndi m'malo mwa a Bennet.

Galimoto idatuluka m'madzi. Kumanda a Stafford adaima pamutu pa dzenje ndi matope awo, chipewa chonyowa chili m'khwapa. Anthu ankayembekeza ulaliki wautali monga mwa chizolowezi chawo. Adangoti womwalirayu anali munthu wosunga mawu ake, kenako adabwerera m'mbuyo, ndipo mkulu wina adamaliza pemphero.

Pikiapu sidayendenso. Sipuling'i ya kumbuyo idathyoka pobwerera, ndipo Che Hamdani adakana kuikamo ina. Ili kuseri kwa galaja yawo ku Limbe, udzu wamera mozungulira, ndipo tsopano yakhaliratu pansi monga mwini wake ankafunira. Dzenje lija a Salome adalikwirira n'kudzalamo nthochi. Mitumbira yabwereranso pamsewu wathu poti palibe woisalaza. M'mawa ndimadzukabe nthawi imene a Chester ankatuluka, kumvetsera, koma kumangomveka mabelu a njinga. A Stafford awonda. Amavala chipewa chakale chija, chopindika m'mphepete, ndipo mvula ikagwa ndawaonapo akucheuka pamsewu ngati munthu amene akudabwa kuti lero akuyenda yekha.

Mwezi wathawu kudagwa maliro pafupi ndi kwathu, ndipo abale adabwereka lole ya kampani ina, yaitali ngati nkhokwe. Amayi tidaima mozungulira, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kuchita manyazi. Bokosi lidakwezedwa movutikira. Idafika nthawi yoti mkulu wa dera akwere. A Stafford adagwira chitsulo, adakweza mwendo, mwendo udakana. Anthu amati madzi ozizira a Naperi adawalowa m'maondo. Adayesanso, thalauza idalira pamsoko, ndipo anyamata adayamba kuyang'anana.

Ndidachoka osauza munthu. Ndidapita pakhonde panga, ndidanyamula chipika cha bulugamu chija ndi chingwe chake, ndipo ndidadutsa nacho pakati pa anthu onse, ine amene ndimaopa ngakhale kuyambitsa nyimbo. Ndidachiika pamapazi pawo. Mawu adatuluka okha, ndipo sadanjenjemere.

"Makwerero aja ndi awa, a Stafford."

Adayang'ana chipikacho nthawi yaitali. Adachidziwa. Adapondapo, adakwera, adakhala pambali pa bokosi, ndipo ali pamwambapo adavula chipewa n'kulankhula motsitsa, kwa ine ndekha.

"Amake Zione, a Bennet tikadawaimbira."

Ndidagwirizira chipika mpaka amayi onse adakwera mmodzimmodzi, osakweza nsalu. Lole itanyamuka ndidachinyamula n'kubwerera nacho kwathu. Ndi changa, adandisiyira a Chester. Maliro ku Chitawira sadzatha, malole ndi aatali onse, ndipo maondo a a Stafford sakuchira. Akachifuna, pakhomo panga akupadziwa. Ulendo uno adzalowe, adzakhale pansi, adzapemphe.